ZIMENE AMATCHA ZINYALALA NDIZO CHUMA CHA KWA KUNTUMANJI

Pa ntchito ya migodi pali mau amodzi amene aononga maiko ambiri kuposa makina ofukula nthaka, kuposanso onga wophulitsira matanthwe. Mauwo ndi akuti "zinyalala." Katswiri wa migodi akayang'ana phiri amaona mwala umene akuufuna basi. Zina zonse zimene zakuta mwalawo, kaya ndi mitengo, kaya ndi dothi la chonde, kaya ndi kasupe, kaya ndi manda a makolo, amazilemba m'buku mwake kuti ndi zinyalala zoyenera kukankhidwira pambali. Katswiriyo sanalakwe, pakuti ndiyo ntchito imene anaphunzira, ndiponso ndiyo imamudyetsa. Wolakwa ndi mwini dziko amene amabwereka mau a mlendo, nayamba nayenso kutcha munda wa amake zinyalala. Ndipo wolakwa koposa ndi wogwira ntchito za Boma amene amasaina pepala lokhala ndi mau otere asanafunse kuti kodi zinyalalazo nzotani, nanga nzayani.

Nkhaniyi yafika pakhomo pa anthu a kwa Mfumu Kuntumanji, m'boma la Zomba, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Kalekale nyanjayi inali yaikulu kuposa m'mene iliri lero, ndipo mafunde ake anasiya mizere ya mchenga m'malo amene tsopano ndi midzi ndi minda. Mumchengamo muli timiyala tolemera, tambiri takuda, totchedwa ilmenite, rutile, zircon ndi monazite. Ilmenite ndi rutile amapangira utoto woyera wopaka nyumba ndi zitsulo zolimba za ndege, pamene zircon amapangira matailosi. Kampani ya Mota-Engil inaboola nthaka ya m'derali cha m'ma 2015, ndipo m'mwezi wa Julayi 2023 kampani ya Chilwa Minerals inalowa pa msika wa masheya wa ku Australia, itatenga ziphaso zofufuzira mchengawo ku Mposa, Bimbi, Mpyupyu, Namanja ndi Halala. Kufufuza si kukumba, ndipo palibe amene akuiimba mlandu kampaniyo chifukwa chofufuza. Koma nthawi yofunsa mafunso ndi yomwe ino, pamene makasu a alimi akadali m'minda.

MASAMU

Pamene kampaniyo inkalowa pa msika mu 2023, inalengeza kuti m'malo amene anali atayezedwa munali mchenga wokwana matani 61.6 miliyoni, ndipo timiyala tofunikato tinali matani 2.4 miliyoni. Mwana wa Sitandade 5 angathe kuwerengera masamu amenewa. Pa matumba 100 alionse a nthaka imene idzafukulidwe, matumba anai okha ndiwo adzakwere lole kupita kudoko. Matumba 96 otsalawo ndiwo "zinyalala." Kunena kwina, matani oposa 59 miliyoni a nthaka ya m'chigwa cha Chilwa adzatembenuzidwa, kusukulutsidwa ndi madzi, ndi kutayidwa penapake.

Tsono matumba 96 amenewa ndiwo akudyetsa anthu lero lino. M'menemo ndi m'mene mumamera mpunga, chimanga, chinangwa, nandolo ndi mbatata. M'menemo ndi m'mene muli zitsime ndi mijigo. Pamenepo mpamene paima mitengo ya mango, misikiti, matchalitchi ndi sukulu, ndipo pansi pake pagona agogo a ana amene akuphunzira m'sukuluzo. Mabuku a kampani amawerenga matumba anai mosamala kwambiri, mpaka kadontho kotsiriza. Kodi buku la Boma limene lawerenga matumba 96 ndi chisamaliro chomwecho liri kuti? Anthu ena amadandaula kuti chuma chikungogona pansi osakumbidwa, ati kumeneko nkutaya. Mwala wogona pansi suola, suthawa, ndipo mbadwo wina udzaupeza pomwepo. Chuma chimene chimatayika ndi chimene chimaphwanyidwa pofuna kufikira mwalawo.

KU AMERICA

Wofuna kudziwa kumene kawerengedwe kotere kamathera ayang'ane ku mapiri a Appalachia, kum'mawa kwa dziko la America, makamaka m'zigawo za West Virginia ndi Kentucky. Kumeneko malasha anagona m'mizere m'kati mwa mapiri, ndipo kale anthu ankalowa pansi kukawakumba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, makampani anaona kuti kuchotsa phiri nkotsika mtengo kusiyana ndi kulowa m'phiri. Amayamba ndi kugwetsa nkhalango yonse, ndipo kawirikawiri mitengoyo amangoitentha kapena kuikwirira, osachekako ndi thabwa lomwe. Kenaka amaboola thanthwe, nathiramo onga, naphulitsa msonga ya phiri, m'malo ena kufikira kuya kwa mamita oposa 100. Makina aatali ngati nyumba zosanja amatapa zophwanyikazo nazikhuthulira m'zigwa zoyandikana, pamwamba penipeni pa mitsinje. Akatero amakokola malasha aja, nasamukira ku phiri lina.

Mwa njira imeneyi mapiri oposa 500 anadulidwa mitu, ndipo timitsinje ta kumtunda totalika pafupifupi mamailosi 2,000 tikaphatikizidwa tinakwiririka. Anthu anauzidwa kuti zonsezi zidzabweretsa ntchito. Koma cha m'ma 1950 chigawo cha West Virginia chinali ndi okumba malasha oposa 100,000, ndipo pofika 2020 sanakwane ndi 20,000 omwe, popeza makina ndi onga sizifuna manja ambiri. Dera la McDowell, limene linatulutsa malasha ankhaninkhani, linasanduka limodzi mwa madera osaukitsitsa m'dziko lonse la America.

Chofunika kuchimvetsa nchakuti lamulo linalipo. M'chaka cha 1977 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inalamula kuti wokumba malasha azibwezeretsa nthaka kuti ifanane ndi m'mene inaliri. Koma lamulo lomwelo linasiya kakhomo: kampani inkaloledwa kusiya malo athyathyathya ngati yanena kuti padzamangidwa mafakitale kapena nyumba. Makampani ananena, akuluakulu a m'maofesi anasaina, ndipo pa malo ambiri otere sipanamangidwe kanthu. Mapiri a Appalachia sanagwe ndi onga wokha. Anagwanso ndi cholembera cha munthu wovala tayi.

PAFUPI

Amalawi safunika kuoloka nyanja kuti aone chipsera cha mgodi. M'boma la Zomba lomweli, kuseri kwa phiri, kuli Changalume, kumene kampani ya simenti inaphwanya miyala ya laimu kwa zaka pafupifupi makumi anai, nkumatumiza pa sitima ku Blantyre. Simenti imeneyo inamanga nyumba, milatho ndi sukulu zambiri m'dziko muno, ndipo palibe wokana zimenezo. Koma m'chaka cha 2002 ntchito inaima, antchito anabalalika, ndipo fakitale ya ku Blantyre inayamba kuitanitsa kunja zipangizo zimene kale zinkachokera ku Changalume. Dzenje linatsala pomwepo. Phunziro lake ndi lakuti mgodi uliwonse, ngakhale wopindulitsa, uli ndi tsiku lake lotseka, koma anthu oyandikana nawo alibe tsiku losiya kudya.

Kum'mwera kwa Chilwa kuli phiri la Mulanje. Pamwamba pake, ku Lichenya ndi ku Linje, pali dothi la bauxite lopangira aluminiyamu, limene katswiri wa miyala Frank Dixey analizindikira m'chaka cha 1924. Kuyambira pamenepo, mbadwo uliwonse wamvapo za makampani ofuna kulisenda phirilo pamutu. Dothilo silingatengedwe popanda kupala udzu, mitengo ndi nthaka zimene zimasunga madzi a mvula nkumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Madzi a mtsinje wa Likhubula, amene kuyambira 2019 akumwedwa mu mzinda wa Blantyre, amachokera m'phiri lomwelo. M'mwezi wa Julayi 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo osungidwa a dziko lonse lapansi. Anthu akunja anaona kuti phirilo nlamtengo wapatali liri chiimire. Zingakhale zamanyazi ngati eni ake atakhala otsiriza kuziona.

Wina adzati kwa Kuntumanji kulibe phiri loti lidulidwe mutu, nanga za ku America zikubweranji pano? Yankho nlakuti kakumbidwe nkamodzi: senda pamwamba, tenga chapakati, taya zotsala. Ku Appalachia chosendedwa ndi msonga ya phiri. Ku Chilwa chosendedwa ndi dothi la pamwamba la m'munda, limene kuya kwake sikufika ndi m'chiuno momwe, koma ndilo lokha limene limabereka.

NYANJA YOPANDA KHOMO

Kuti timiyala tija tilekanitsidwe ndi mchenga, nthaka imasakanizidwa ndi madzi ambiri, phala lakelo nkupopedwa kudutsa m'ngalande zopotapota. Tolemera timatsalira mbali imodzi, mchenga wopepuka ndi matope zimapita mbali ina. Mchenga ungabwezedwe m'dzenje msanga, koma matope a dongo amachedwa kuuma, ndipo amasungidwa m'madamu. Ntchito yotere imamwa madzi usana ndi usiku, dzinja ndi chilimwe chomwe. Kodi madziwo adzachokera kuti? Ngati ndi m'mitsinje ya Domasi, Naisi ndi Likangala, ndiyo yomweyo imene imathirira mpunga m'masikimu a Domasi, Khanda ndi Likangala. Ngati ndi pansi pa nthaka, ndi komweko kumene mijigo ya m'midzi imakoka. Ngati ndi m'nyanja, ndiye kuti akupempha ngongole kwa munthu amene chaka china amagona ndi njala.

Pakuti nyanja ya Chilwa si nyanja ya Malawi ai. Ndi yosaya, m'malo ambiri mamita awiri kapena kucheperapo, ndipo asodzi amayendetsa mabwato ndi nsungwi zokankhira pansi. Inauma m'chaka cha 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2012 ndi 2018 inaphwa kwambiri kufikira mabwato kugona pa matope ong'aluka ku Kachulu. Chachikulu koposa nchakuti nyanjayi iribe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathira m'menemo, koma madzi amachoka ndi dzuwa lokha. Chirichonse cholowa m'nyanja ya Chilwa, kaya ndi matope, kaya ndi mafuta a makina, kaya ndi mankhwala, chalowa kokhala. Ku maiko ena mgodi ukaipitsa mtsinje, mvula imakokolera zoipazo kunyanja yamchere. Ku Chilwa kulibe kokokolera.

Nyanja yosayayi ndi nkhokwe. M'zaka zabwino, monga 1979, inatulutsa matani oposa 20,000 a matemba, makumba ndi milamba, ndipo matemba a ku Chilwa adyedwa ndi nsima m'nyumba za anthu osauka kuyambira ku Zomba, Limbe mpaka ku Lilongwe. M'madambo a njedza mumaswana mbalame zam'madzi zosawerengeka, zina zouluka kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia. Nchifukwa chake mu 1996 dziko la Malawi linalembetsa Chilwa pansi pa pangano la Ramsar losamalira madambo, malo oyamba m'dziko muno kulembetsedwa chotero, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linailemba m'gulu la malo osungirako zachilengedwe. Anthu oposa miliyoni imodzi amakhala m'chigwa chake. Boma linasaina mapangano amenewa ndi dzanja lake, ndipo dzanja lomwelo silingasainenso pepala lowatsutsa.

Pali chinthu china chimene msodzi aliyense wachikulire wa ku Namasalima amachidziwa. Nyanja ikauma, nsomba sizitha zonse. Mbeu yake imabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'zithaphwi za kumathiriro, ndipo mvula ikabwera imatsikiranso m'nyanja nkuswana. Ndi m'mene nsomba zinabwererera pambuyo pa 1968. Mu 1995 mafumu, asodzi ndi alangizi a za nsomba anagwirizana zolondera maiwe amenewo kuti anthu asathiremo katupe kapena kukokamo makoka, ndipo nyanja itadzaza nsomba zinabwerera. Mitsinje yosunga mbeuyi imadutsa m'chigwa chomwecho chimene muli mchenga wakuda. Maiwe akadzadzaza matope a mgodi, chilala chotsatira chidzapeza nsomba zopanda kothawira. Kumeneko ndiko kudya mbeu.

ZAONA ANZAWO

Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Ku Nagonha, m'boma la Angoche m'dziko la Mozambique, kampani ya Haiyu inkakumba mchenga wa mtundu womwewu. M'mwezi wa Febuluwale 2015 madzi osefukira anang'amba mudziwo pakati, nagwetsa nyumba 48, ndipo anthu 290 anasowa pokhala. Bungwe la Amnesty International, mu lipoti lake la 2018, linapeza kuti mchenga wotayidwa ndi mgodi unali utatseka madambo ndi njira zimene madzi ankadzera kale. Mchengawo unali wopanda poizoni. Unali "zinyalala" chabe zoikidwa pamalo olakwika.

Ku Chambishi, m'dziko la Zambia, pa 18 Febuluwale 2025, damu la zotsalira za mgodi wa kopa wa kampani ya Sino-Metals linagumuka. Madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi kutsikira mu Kafue, nsomba zinayandama, mbeu zinapserera m'minda, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipopi. Ku America komwe kuja, pa 26 Febuluwale 1972, damu la matope a malasha ku Buffalo Creek linaphulika nkupha anthu 125 m'mawa umodzi. Tsono anthu a m'chigwa cha Chilwa anaona ndi maso awo chimene namondwe Freddy anachita m'mwezi wa Malichi 2023, pamene mapiri anagumuka, mitsinje inasiya njira zake, ndipo nyanja inakwera nkulowa m'midzi ndi m'minda. Damu lirilonse la matope lomangidwa m'chigwa chimenechi liyenera kuyesedwa ndi muyeso wa Freddy, osati wa mvula ya pa pepala.

Palinso monazite. Kamwala kameneka kali ndi thorium, amene amatulutsa mphamvu yosaoneka yofanana ndi ya uranium. Pamene kamwazikana mumchenga wachilengedwe nkochepa, koma kakasonkhanitsidwa mulu umodzi kamafuna kusungidwa ndi luso ndi kuyezedwa nthawi zonse. Anthu a m'midzi ayenera kuuzidwa zimenezi poyera, m'chinenero chawo, muluwo usanaunjikidwe.

OTSUTSA

Alipo amene adzanena kuti mau onsewa ngodana ndi chitukuko. Adzati dziko likusowa ndalama zakunja zogulira mafuta, feteleza ndi mankhwala, fodya sakudalirikanso ngati kale, ndipo anyamata akungokhala m'misika opanda ntchito. Zonsezi nzoona, ndipo munthu wanzeru sangazinyoze. Migodi ingathandize dziko lino. Koma walira mvula walira matope, ndipo wonena za phindu ayenera kunenanso za mtengo wake, ndi kutchula amene adzaulipire.

Dziko lino linalawapo kale. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa ndi kampani ya Paladin mu 2009 pakati pa nthungululu. Pofuna kukopa kampaniyo, msonkho wa pa miyala yogulitsidwa unatsitsidwa kuchoka pa 5 kufika pa 1.5 pa 100 iriyonse m'zaka zoyamba. Mtengo wa uranium utagwa pambuyo pa ngozi ya ku Fukushima ya 2011, mgodiwo unaima mu 2014, anthu mazanamazana anachotsedwa ntchito, ndipo unakhala chitsekere mpaka kampani ya Lotus Resources inautsegulanso mu 2025. Bungwe la ActionAid linawerengera mu 2015 kuti dziko la Malawi linataya madola 43 miliyoni a ku America m'zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha misonkho yokhululukidwa ndi ndalama zotulutsidwa kunja mwa njira zina. Ku Kanyika, m'boma la Mzimba, mabanja anauzidwa mu 2012 kuti adzasamutsidwa chifukwa cha mgodi wa niobium. Ambiri analeka kukonza nyumba ndi kusamala minda, nadikira zaka ndi zaka, mpaka nkhani inakafika kukhoti mgodi usanatsegulidwe nkomwe. Ku Moatize, m'chigawo cha Tete, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa mu 2009 ndi 2010 kuti malasha akumbidwe, ndipo ambiri anakaikidwa ku Cateme, kutali ndi msika ndi mtsinje, pa nthaka yosabereka bwino. Mu Januwale 2012 anthuwo anakakhala pa njanji kutsekereza sitima.

Mtengo wa miyala umakhazikitsidwa ku London, ku Shanghai ndi ku Sydney, ndipo ukagwa kampani imatseka zipata nkudikira. Mlimi amene munda wake wasanduka dzenje sangadikire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mpunga wa Faya ndi matemba ziri pamphuno chaka ndi chaka. Mchenga wakuda umakololedwa kamodzi kokha.

Ndipo kukana pamalo pena si uchitsiru. Ku South Africa kampani ya Richards Bay Minerals inapempha kukumba mchenga womwewu m'mphepete mwa nyanja ya St Lucia. Patapita zaka za mkangano ndi kafukufuku, Boma la dzikolo linakana mu 1996, ndipo mu 1999 malowo analembedwa m'kaundula wa UNESCO. Kampani yomweyo inapitiriza kukumba pamalo ena, kumene yakhala ikusunga dothi la pamwamba ndi kudzalanso mitengo m'mbuyo mwa makina kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Zinthu ziwirizi zikuonetsa kuti Boma lingathe kunena kuti apa ai, apo inde, ndiponso kuti dothi lingasungidwe ngati pali wolamula kuti lisungidwe.

UDINDO

Malamulo m'dziko muno alipo. Lamulo la migodi la 1981 linalowedwa m'malo ndi la 2019, limene linalamula kuti mwini mgodi waukulu azipangana ndi anthu oyandikana nawo za chitukuko cha dera lawo, ndi kuperekako ndalama zosachepera 45 tambala pa K100 iriyonse ya zogulitsa zake. Lamulo la 2023 linakhazikitsa bungwe lapadera loyang'anira migodi. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu isayambe popanda kafukufuku wa m'mene idzakhudzire anthu ndi chilengedwe. M'mwezi wa Okutobala 2025 Boma linalamula kuti miyala yosayengedwa isatulukenso m'dziko muno. Zonsezi nzabwino. Koma nkhani zambiri za m'malamulo ndi m'misonkhano zimazungulira pa matumba anai otuluka aja. Matumba 96 otsala alibe owayankhulira, kupatula wogwira ntchito za Boma wokhulupirika ndi mtsogoleri wa kumudzi wopanda mantha.

Apa mpamene pagona nthenda. Alipo maofesala amene amadziwa dera la mgodi kudzera pa zenera la galimoto la kampani. Alipo amene amayesa ubwino wa msonkhano ndi kukula kwa alawansi. Lipoti la masamba mazana asanu, lolembedwa m'Chingerezi ndi katswiri wolipidwa ndi kampani yomweyo, limasiyidwa pa shelefu ku ofesi ya Bwanamkubwa, ndipo pakatha masabata angapo amalemba kuti anthu afunsidwa ndipo avomera. Anthu ake ati? Anawerenga liti? Munthu wotere amadya malipiro ochokera m'misonkho ya mlimi, koma akugwirira ntchito mlendo. Safunsa anadya phula, koma pano wodya phulayo adzakhala mwana wa mlimi, pamene wosafunsayo ali pa penshoni ku tauni.

Kotero pali zinthu zisanu zimene ziyenera kuchitika chiphaso chokumbira chisanaperekedwe kwa wina aliyense m'mphepete mwa Chilwa.

Choyamba, Boma liwerenge za pamwamba monga kampani yawerengera za pansi. Alangizi a zaulimi, a za nsomba, a za madzi ndi a za nkhalango, pamodzi ndi mafumu, alembe munda uliwonse ndi matumba amene umatulutsa, chitsime chirichonse, mtengo uliwonse wa zipatso, ndi manda alionse. Chiwerengerocho chichulukitsidwe ndi zaka zonse zimene nthakayo idzakhale yosalimika, nkuikidwa pambali pa chiwerengero cha kampani, kuti aliyense aone mbali yolemera.

Chachiwiri, lipoti la zachilengedwe limasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, liwerengedwe pabwalo m'midzi yonse yokhudzidwa, ndipo mafunso a anthu alembedwe ndi kuyankhidwa. Dera limeneli ndi la chikamwini, kumene minda imayenda m'mbumba kuchokera kwa mai kupita kwa mwana wamkazi. Msonkhano wa amuna okhaokha suli msonkhano wa eni nthaka, ndipo chipukutamisozi choperekedwa m'manja mwa mkamwini chaperekedwa kwa mlendo.

Chachitatu, pajambulidwe malire amene makina sadzawadumpha: mathiriro a mitsinje, maiwe osunga mbeu ya nsomba, madambo a njedza, masikimu a mpunga, ndi paliponse pamene madzi anafika m'chaka cha 2023. Malirewo akhale pa mapu a Boma ndi pa zikhomo zooneka m'midzi.

Chachinai, ndalama zokonzera nthaka zisungitsidwe ku banki m'dzina la Boma fosholo yoyamba isanalowe pansi, ndipo zikhale zokwanira kukwirira dzenje lonse ngakhale kampani itagwa mawa. Dothi la pamwamba lisungidwe padera ndi kubwezedwa ekala ndi ekala. Umboni wakuti munda wabwezedwa usakhale chithunzi cha udzu wobiriwira m'lipoti, koma nkhokwe ya mwini munda.

Chachisanu, pangano linene momveka kuti chaka cha chilala madzi adzayamba apita ku mijigo ndi ku mpunga, makina pambuyo. Ndipo pangano lonselo lisindikizidwe kuti aliyense aliwerenge, pakuti chuma cha pansi pa nthaka ndi cha mtundu wonse wa Amalawi, ndipo mwini katundu sabisiridwa mtengo umene katundu wake wagulitsidwira.

Kampani yoona mtima sidzaopa zinthu zisanuzi, popeza makampani otere amachita zoposa pamenepa kwawo ku Australia. Imene idzaziope yadziulula yokha. Atsogoleri a m'madera, makhansala, aphungu ndi mafumu asalole kuti anthu agawanike chifukwa cha malonjezo a ntchito za ulonda ndi mipira ya masewera. Ndipo mlembi wamkulu, Bwanamkubwa, kapena ofesala wamng'ono amene fayilo ya mchenga wa ku Chilwa idzafike pa tebulo lake akumbukire kuti iye adzasamutsidwa, kampani idzagulitsidwa kwa eni ena, koma anthu a ku Bimbi ndi ku Namasalima adzakhala pomwepo ndi chirichonse chimene iye wavomereza. Madzi akatayika saoleka. Ngati m'fayiloyo mulibe chiwerengero cha minda, malire a madambo ndi chiphaso cha ku banki, aibweze kumene yachokera osasaina.